Amphaka osokera m'tauni: chifukwa chake tameki sangathetse vutoli

Kuseri kwa ziwaya, kumabutchala ndi pamitaya ya zinyalala m'tauni muno mwadzadza amphaka opanda mwini. M'magulupu a WhatsApp a m'madera mwathu nkhaniyi ikangoyamba, yankho limabwera msanga: athireni tameki basi. Ine ndikuti tiyeni tione kaye mmene vutoli limakulira.

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 yokha. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 65, ndipo pachaka amatha kuswa kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse ana ngati anayi. Ndiye ukaponya tiana tiwiri kumtaya poti kunyumba tachuluka, pakutha pa chaka wayambitsa mudzi. Pachilumba cha Marion ku South Africa anapititsako amphaka 5 mu 1949 kuti azigwira mbewa. Pofika 1977 analipo oposa 3,000 ndipo ankadya mbalame za kunyanja. Ntchito yowachotsa inatha mu 1991.

Nanga bwanji osangowapha? Chimene chimasonkhanitsa amphaka ndi chakudya: zotsala za nsomba, matumbo a nkhuku ndi makoswe. Ukapha khumi lero zinyalala zili pompo, ena ochokera kwina amabwera kudzalowa malo. Komanso poizoni sasankha. Amapha galu wa aneba, nkhuku, ngakhale mwana amene watola chakudya pansi.

Njira imene madokotala a ziweto ambiri amalimbikitsa ndi iyi: kuwagwira ndi msampha wosavulaza, kuwafula aamuna ndi kuwatseka aakazi, kuwabaya katemera wa chiwewe, kenako kuwabwezera pamalo pomwe anagwidwa. Amawadula kansonga ka khutu kuti asadzagwidwenso kachiwiri. Chifukwa chowabwezera n'choti mphaka wokulira kutchire sazolowera pakhomo, koma akakhala pamalo pake osaswana, gulu limachepa pang'onopang'ono.

Vuto ndi loti njirayi imafuna ndalama komanso kupirira. Ukatseka ochepa, otsalawo amaswana n'kudzazanso malo. Mabungwe ngati LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amagwira ntchito yotseka ziweto ndi katemera, koma sangafike pamtaya uliwonse. Kwathu kuno palinso nkhani ya zikhulupiriro: mphaka akalira usiku padenga ena amati ndi wa afiti, n'kumugenda. Zoona zake n'zoti nthawi zambiri amakhala akufuna wamwamuna kapena akulimbirana malo.

Pa nkhani ya chiwewe tisachite chibwana. Anthu ambiri amachitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amafalitsa. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira.

Ndiye ife tingatani? Ngati muli ndi mphaka, kamutseketseni asanakwane miyezi 5 ndipo abayitsidwe katemera. Tiana tikachuluka, tipezereni pakhomo pena, osati kumtaya. Amene mumadyetsa amphaka a kumsika, zikomo chifukwa cha chifundo, koma kudyetsa osatseketsa n'kukulitsa gulu. Ndipo makhansala athu tiziwafunsa za mabini ovundikira komanso tsiku limene galimoto ya khonsolo ibwere kudzatenga zinyalala, chifukwa mtaya ukakhalapo, amphaka ndi makoswe sachoka.