CIFEFE CAKALE: ZA M'KATI MWACE ZISIYIRENI MMISIRI

Alimi anzanga, cimanga cikayamba kukhwima anyani ndi nguluwe sizicedwa kufika. Pa nyengo yotere ena a inu amene muli ndi cifefe ca mipope iwiri, cosiya atate kapena ambuye anu, mumacitsitsa kudenga kuti mukalondere munda. Mfuti zotere zambiri nzakale kuposa eni ace. Coopsa kwambiri si dzimbiri looneka kunja ai, koma tizitsulo tobisika m'kati, pakati pa mipope ndi mtengo wa paphewa.

Zambiri za mfuti zimenezi zinapangidwa ku Birmingham ndi ku London, zina ku Liège m'dziko la Belgium. Kapangidwe kofala ndi kamene anatulukira William Anson ndi John Deeley, a kampani ya Westley Richards ku Birmingham, m'caka ca 1875. Mpope uli wonse uli ndi kanyundo kace m'kati. Mukathyola mfuti kuti muikemo cipolopolo, kanyundoko kabwerera m'mbuyo ndi kupanikiza sipuring'i yolimba, ndipo kambedza kakang'ono kakagwira pomwepo, monga muja kamtengo kagwirira mwala wa diwa. Mukakoka ndi cala, kambedza kataya, kanyundo kamenya, mfuti ilira.

KAMBEDZA KAKAPEREPESEKA

Nsonga ya kambedza ndi yaing'ono ngati njere ya mapira. Ikatha, mfuti ikhoza kulira yokha poitseka kapena ikagwa pansi. Cizindikiro cina ndi ici: mwakoka kumodzi koma mipope yonse iwiri yalira pamodzi. Musakhulupirire kabatani ka pamwamba kotsekera, cifukwa pa mfuti zambiri zakale kamangoletsa cala kukoka, koma kanyundo sikakagwira. Musayese kunola kambedza ndi tupa. Mukapalapo pang'ono pokha, mwasintha kagwiridwe kace, ndipo mfuti yanu yasanduka msampha wochera ana anu omwe.

MFUTI IKAKANA KULIRA

Kawirikawiri bvuto likhala nsonga yomenya cipolopolo imene yathyoka, sipuring'i yosweka, kapena mafuta akale amene auma ngati ulimbo. Ena amasula msomali wa denga kapena waya wa njinga nkuikamo. Cimeneci ncolakwa. Nsonga yotalika ibowola cipolopolo, ndipo moto ubwerera kumaso kwanu. Dziwaninso kuti tizitsulo ta mfuti zakale tinali kulinganizidwa ndi manja, mfuti iri yonse payokha. Kacitsulo kocotsa m'mfuti ya mnzanu sikangakhale bwino m'yanu ngakhale dzina likhale limodzi. Mmisiri weniweni asema kena katsopano ndi kukalimbitsa pamoto monga kuyenera.

MFUTI IKAMAGWEDERA

Mipope izungulira pa cipini cimodzi monga citseko pa mahinjesi. Cipini cikadyeka, mipope siikhalanso thithithi. Kuyesa kwace nkosabvuta. Cotsani zipolopolo, cotsaninso kamtengo ka pansi pa mipope, tsekani mfuti ndi kuigwedeza. Mukamva kugwedera, kapena mukaona kuwala pamene mipope ikomana ndi citsulo ca kumbuyo, ilekeni. Kukhoma ndi nyundo kungobisa bvuto masiku owerengeka. Mmisiri aikamo cipini cina cokulirapo ndi kulinganizanso mipope.

SAMALANI ZIPOLOPOLO

Mfuti zambiri zakale za ku Mangalande zinapangidwira zipolopolo za mainchi 2½, ndiwo mamilimita 65. Zambiri zogulitsidwa lero nza mainchi 2¾, mamilimita 70. Cacitalico cilowa ndithu, koma polira cipanikiza mfuti koposa mphamvu imene inayesedwera. Mipope ina yakale ioneka ndi mizere yopotapota, cifukwa inapangidwa ndi zitsulo zopiringiza pamodzi pa nthawi ya onga wakuda. Mfuti yotere musaikemo cipolopolo ca makono mmisiri asanaione. Iye awerenga zidindo ziri kunsi kwa mipope, monga za nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1813, nadziwa cipolopolo coyenera.

NCHITO YANU NDI IYI

Pukutani mipope m'kati ndi kunja tsiku liri lonse mwaombera kapena mwabvumbwa nayo. Pakani mafuta pang'ono okha, pakuti mafuta ambiri alowa m'mtengo ndi kuufewetsa mpaka ung'ambike. Musamakoke mfuti yopanda kanthu, pakuti kutero kuthyola nsonga zija. Isungeni yopanda cipolopolo, pouma, potsekedwa, ndipo zipolopolo zikhale kwina kumene ana sangafike.

Mukaona cimodzi ca zizindikiro tanenazi, pitani ku Polisi mukafunse za mmisiri wololedwa ndi Boma. Kufikira itakonzedwa, londerani munda ndi agalu, zitini ndi moto. Cimanga codyedwa ndi anyani mudzabzalanso caka ca mawa, koma dzanja kapena diso likapita lapita.