Ndalama Zapita, Phukusi Silikufika

M'makomo mwathu ambiri tsopano muli foni ya intaneti, ndipo kugula katundu pa foni sikulinso kwachilendo. Wina waoda nsapato za mwana kwa wamalonda wa pa Facebook wa ku Lilongwe, wina makina oyezera BP ochokera ku China, winanso akudikira phukusi lomwe mwana wake wamugulira ku Johannesburg kapena ku London. Kulipira sikuchedwa, kaya ndi pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki. Mavuto amayamba ndalama zikangochoka. Masabata amadutsa, mwezi n'kutha, phukusi osaoneka. Mukaimba foni amati mubwere mawa, mukapita amati galimoto sinafike.

Ife amene timathandiza pa nkhani za umoyo timayenda m'mabanja, ndipo dandaulo limeneli tikulimva kawirikawiri. Zambiri zomwe anthu amadikira ndi zokhudza thupi: magalasi a maso, timapepala toyezera shuga, lamba wa msana, ngakhale mankhwala amene. Phukusi lotere likachedwa, ndalama zimawawa inde, koma amene amavutika kwambiri ndi wodwala amene akulidikira.

Njira imene phukusi limayenda

Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wobwera pa sitima yapamadzi amatsikira ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam ku Tanzania, kapenanso ku Durban ku South Africa. Akatero amakwezedwa pa mathiraki n'kudzalowera pa zipata monga Mwanza, Dedza ndi Songwe. Wobwera pa ndege amafikira pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Chileka, ndipo nthawi zambiri amakhala atasinthidwa ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Paliponse pamene phukusi latsitsidwa pamakhala mzere wa katundu wina amene anafika kale.

Wogulitsa akalemba kuti akutumizirani mwaulere, dziwani kuti asankha njira yotsika mtengo, ndipo njira yotsika mtengo ndiyo imachedwa. Nyengo nayo imasokoneza. Namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira mu Marichi 2019, ndipo Freddy anadula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023. Mafuta a galimoto akasowa, katundu amagona m'madepoti.

Phukusi likalowa m'dziko muno limadutsa m'manja mwa a Malawi Revenue Authority, MRA. Iwowa ali ndi mphamvu yolitsegula ndi kuwerengera msonkho. Ambiri amadabwa akauzidwa kuti alipirenso, poganiza kuti zonse anamaliza pa foni paja. Msonkho wolowetsera katundu ndi VAT n'zosiyana ndi mtengo wogulira, ndipo powerengera amaphatikizapo ndalama zotumizira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chilichonse chogulidwa m'madola chinakwera mtengo, msonkho wake nawonso unakwera. Banja lomwe silinasunge ndalama ya msonkho limasiya phukusi lili pompo, ndipo makampani ena amayamba kuwerengera ndalama zosungira.

Nyumba zopanda nambala

Vuto lina lili kwathu konkuno. Nyumba zambiri zilibe nambala ndipo misewu yambiri ilibe mayina. Kuyambira kale makalata timalandirira pa bokosi la kupositi la sukulu, la mpingo kapena la kuntchito. Koma masamba a malonda akunja amafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Bungwe la MACRA lili pa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, koma m'madera ambiri timalozeranabe kuti kuseri kwa chigayo, moyang'anizana ndi mjigo.

N'chifukwa chake keyala yeniyeni ya Mmalawi lero ndi nambala ya foni. Ilembeni bwino, kuyambira ndi +265, ndipo onjezerani ya munthu wachiwiri wa m'nyumba. Foni ikathima chifukwa cha kuzima kwa magetsi, wobweretsa katundu amaimba kawiri katatu n'kubwerera nalo phukusi. Dzina lomwe mwalemba likhale lofanana ndi la pa chiphaso chanu cha unzika, chifukwa pokatenga adzafuna kuchiona. Mukagwiritsa ntchito bokosi la sukulu kapena la mpingo, muuzeni amene amasunga kiyi kuti mukudikira kapepala kokuitanani kupositi. Kapepala kameneka kakhoza kugona m'kabati masabata angapo mwini wake osadziwa.

Musalole kutumiziridwa katundu wopanda nambala yomutsatira. Mapukusi ambiri oyenda pa positi kuchokera kunja amakhala ndi nambala ya zilembo 13: ziwiri zoyamba ndi malemba, pakati manambala 9, kumapeto malemba awiri osonyeza dziko lomwe lachokera, monga CN ya China, GB ya Britain ndi ZA ya South Africa. Nambala imeneyi ndiyo umboni wanu. Popanda iyo, ngakhale kalaliki wamtima wabwino alibe poyambira kufufuza.

Katundu wa m'dziko momwemuno

Pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, phukusi loyenda bwino limafika tsiku limodzi kapena awiri. Komabe ambiri timakonda kupatsira dalaivala kapena kondakitala wa basi chifukwa n'zotchipa. Zikayenda bwino timayamika. Zikavuta palibe lisiti, palibe ofesi yokadandaulako, nambala ya foni ija imangolira osayankhidwa. Lamulo la za mauthenga la 2016 linapatsa MACRA udindo wopereka ziphaso kwa a positi ndi makampani onyamula mapukusi. Musanapereke katundu, funsani ngati kampaniyo ili ndi chiphaso. Nenani zoona za zomwe zili m'katimo ndi mtengo wake, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa pa lisiti. Amene amachepetsa mtengo kuti alipire pang'ono, katundu akasowa amadzavutika kuti abwezeredwe mtengo weniweni.

Mankhwala sayenda ngati nsapato

Apa ndi pamene tikufuna kuti mabanja amvetsetse. Nsapato zikachedwa mwezi zimafika zili nsapatobe. Mankhwala ayi. Pa mabokosi a mankhwala ambiri amalemba kuti asungidwe pa malo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Insulin yosatsegula imafunika kukhala mu fuliji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osaumitsidwa. Mwezi wa Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kati mwa thiraki yoima padzuwa mumatentha koposa pamenepo. Mankhwala oonongeka ndi kutentha amaoneka ngati abwinobwino, koma mphamvu yake imakhala itachepa. Timapepala toyezera shuga natonso tikatenthedwa kapena kulowa chinyezi timapereka nambala zolakwika, ndipo wodwala amadzipatsa mankhwala potengera bodza.

Palinso nkhani ya mankhwala achinyengo. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Pa intaneti simumuona wogulitsa, simudziwa kumene amasunga katundu wake. Kuno kwathu bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndi limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka chilolezo cholowetsera mankhwala m'dziko. Phukusi la mankhwala lopanda mapepala oyenera likhoza kugwidwa pa chipata.

Langizo lathu ndi ili: mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga, a khunyu ndi a mphumu, musawadalire pa phukusi. Atengeni kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka. Matenda a BP nthawi zambiri samva kuwawa, choncho munthu amaganiza kuti kudumphitsa masabata awiri podikira phukusi palibe kanthu, pamene m'menemo ndi mmene sitiroko imapezera mpata. Ngati mwana wanu wakunja akufuna kukuthandizani, atumize ndalama mugule konkuno. Ngati mankhwalawo sapezeka m'dziko muno, kambiranani ndi adokotala ndi a ku famase kuti akuuzeni njira yoyenera. Makina oyezera BP kapena shuga akafika, pitani nawo kuchipatala akawayerekeze ndi awo musanayambe kuwakhulupirira.

Akuba amadziwa kuti mukudikira

Munthu wodikira phukusi savuta kumupusitsa. Pamabwera uthenga pa foni woti katundu wanu wagwidwa, tumizani ndalama mwachangu pa nambala yakutiyakuti. Musatumize. Msonkho wa boma umalipiridwa m'njira zovomerezeka ndipo pamakhala lisiti, sulipiridwa pa nambala ya munthu wamba. Nambala yanu yachinsinsi ya PIN musauze aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa kampani. Pitani nokha ku ofesi kapena imbani nambala yomwe ili pa lisiti lanu. Akuluakulu anati safunsa adadya phula.

Mtendere wa pakhomo

Taona mabanja akukangana chifukwa cha phukusi. Bambo akuti ndalama zatayika, mayi akuti dikirani, ana akungoyang'ana. Wina sagona tulo, amangotsegula foni usiku kuona ngati katundu wasuntha. Nkhawa yotere imakweza BP ndipo siifulumizitsa galimoto. Musanaode chinthu chodula, gwirizanani awiri, ndipo muike pambali ndalama ya msonkho ndi yoyendera. Yunifolomu ya sukulu kapena zovala za ukwati odani nthawi ikadalipo yambiri, pokumbukira kuti mu Disembala katundu amachuluka paliponse. Kalaliki amene mwamupeza pa kauntala si amene wachedwetsa sitima ku Beira. Mukamulankhula mwaulemu, mutanyamula lisiti ndi nambala, amakuthandizani msanga kusiyana ndi pamene mwafika mukukalipa.

Makampani ambiri amagwira ntchito Loweruka, ndipo foni yoti mudzatenge katundu ikhoza kulira pa tsiku la Sabata. Auzeni pachiyambi pomwe kuti mumalandira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu masana, ndipo alembe zimenezi pa fomu. Mukamatumiza nokha, perekani phukusi Lolemba kapena Lachiwiri kuti lisakagone m'depoti kumapeto kwa sabata.

Phukusi likafika, kapena likapanda kufika

Litseguleni wobweretsayo ali pomwepo. Ngati laphwanyika, lanyowa kapena muli zina, jambulani chithunzi musanasaine, ndipo mulembe pa pepala lolandirira zomwe mwapeza. Sungani lisiti, mauthenga a pa WhatsApp ndi uthenga wosonyeza kuti munalipira.

Likasowa, yambani ndi kampaniyo, ndipo dandaulo lanu likhale lolemba, lokhala ndi tsiku. Akapanda kukuthandizani, nkhani za positi ndi onyamula mapukusi zimapita ku MACRA. Ngati wogulitsa wa m'dziko muno wakupatsani katundu wosiyana ndi amene analonjeza, kuli Competition and Fair Trading Commission, komanso bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi. Za kuba zimapita kupolisi, ndipo mankhwala okayikitsa kaonetseni ku famase kapena ku PMRA musanamwe. Masamba akuluakulu a malonda akunja amaika masiku owerengeka oti munthu apemphe kubwezeredwa ndalama. Tsiku lomaliza lilembeni pa kalendala wa m'nyumba, ndipo ngati likuyandikira phukusi lisanafike, perekani dandaulo lanu nthawi isanathe.