Njanji Yobisika M'thupi la Munthu

Pa Nkaya, pamene padapatukira njanji ya ku Nayuchi mu 1970, sitima zimadutsa zitasenza katundu, zina kupita, zina kubwerera. M'thupi la munthu mulinso njanji yotere, koma yosaoneka ndi maso.

Mtsempha wotumiza mauthenga kuchokera kumsana kukafika kuchala chaphazi ndi wautali pafupifupi mita imodzi, ndipo nsonga yake imafuna mphamvu. Tinthu topanga mphamvuyo, totchedwa mitochondria, sitiyenda tokha. Puloteni yotchedwa kinesin, imene Ronald Vale ndi anzake adaitulukira mu 1985, imatinyamula kunka kunsonga; inzake, dynein, imabweza tomwe tatha ntchito.

Ulendowu ukasokonezeka, kunsonga kwakutaliko ndiko kumayamba kugwa njala: mapazi amachita dzanzi, miyendo nifooka.