Matabwa Ouma Makosi Aja Lero Ndi Maski Omvera Mwendo

Kale, m'masitolo obwereketsa maski otsetserekera pachipale chofewa m'munsi mwa mapiri a Alps, muyeso unali umodzi basi. Munthu ankaimirira n'kukweza mkono m'mwamba, ndipo ski imene nsonga yake yafika pachikhatho ndiyo inali yake. Kaya ndi katswiri, kaya chipale chofewa akuchiponda koyamba tsiku lomwelo, palibe ankafunsa. Mwamuna wa msinkhu wabwino ankatuluka atasenza matabwa awiri a masentimita 200 kapena kuposa, owongoka kuti nyoo, olemera, ouma gwa.

Tangomuganizirani wophunzirayo ali pamwamba pa mtsetse, mtima uli phaphapha. Matabwawo ankadziwa chinthu chimodzi chokha, kuloza kumunsi. Kuti akhote, ankayenera kudzutsa thupi, kupeputsa mapazi, n'kukankhira zidendene chammbali, matabwa akukwekwereza chipale monyinyirika. Nsonga zikangopingasana, khu! Munthu pansi, chipewa uko, ndodo uko, chipale chitalowa mpaka m'khosi. Akalekale enieni, a mtengo wa hickory, analibe ngakhale chitsulo m'mphepete, ndiye pamalo oundana ankangotereka mmene afunira. Rudolf Lettner wa ku Austria anakhomerako timizere tachitsulo m'zaka za m'ma 1920, zinthu n'kukhalako bwino, koma kukhota mapazi ali pamodzi kunkatengabe nyengo zachisanu zingapo kuti munthu akudziwe. Ambiri ankabwerera kwawo mawondo atatupa, osadzapondanso phiri.

Mmodzi mwa ogwaigwa amenewa anali Howard Head, injiniya wa ndege ku Baltimore. Iye anakana kuti vuto ndi miyendo yake. Anati vuto ndi matabwa. Anayamba kumata aluminiyamu ndi timatabwa topyapyala, maski ake n'kumathyoka wina pambuyo pa mnzake m'manja mwa owayesa, mpaka mu 1950 anatulutsa Head Standard. Anthu ankawatcha maski obera, poti ankapeputsa kukhota. Komabe anali aatali ndi owongoka ngati akale omwe.

Chodabwitsa chenicheni chinachokera ku Begunje, m'dziko la Slovenia. Mu 1993 kampani ya Elan inatulutsa SCX: yotambasuka kumutu, yotambasuka kumchira, pakati pali kachiuno ngati ka mavu. Akatswiri ataiona anaseka. Koma ataivala kuseka kunatha. Ukangopendeketsa bondo, chitsulo cha m'mphepete chimaluma chipale, ski imapindika pansi pa phazi, n'kujambula yokha uta wosalala bwino. Maski akale ankafuna bwalo la mamita oposa 40 kuchokera pakati kufika m'mphepete kuti akhote okha. Iyi inkangofuna pafupifupi 15. Mu 1996 mnyamata wa zaka 18, Bode Miller, anavala K2 Four, ski ya kachiuno yopangidwira anthu wamba, n'kugonjetsa anzake pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse la United States. Zaka za m'ma 1990 zisanathe, matabwa owongoka aja anali atazimiririka m'masitolo. Ena anasanduka mipanda ndi mabenchi.

Chipale chakuya nachonso chinapeza mnzake. Kampani ya Atomic inali itapanga kale ski yonenepa, Powder Plus, mu 1988, ndipo mu 2002 Shane McConkey, potengera maski apamadzi, anabweretsa Volant Spatula yokhotera m'mwamba kumutu ndi kumchira. Kumene anthu ankatitimira mpaka m'mawondo, anayamba kuyandama.

Ndiye lowani m'sitolo yomwe ija lero. Palibe wokwezetsa mkono. Wogulitsa amayamba ndi mafunso: mumalemera bwanji, mwatsetserekapo kangati, mumakonda njira zosalazidwa ndi makina kapena kuthengo? Wongoyamba amapatsidwa yaifupi yofika pachibwano, yofewa, ya chiuno cha mamilimita 70 mpaka 80, yokhululuka akalakwitsa. Wozolowerako, amene amafuna kulawa phiri lonse, amatenga yofika pamphuno kapena pamphumi, chiuno 85 mpaka 100. Wosaka chipale chongogwa kumene amanyamula ya chiuno choposa 105. Katswiri wothamanga amasankha yofika pamutu kapena kupitirira, youma, yokhala ndi chitsulo mkati kuti isanjenjemere pa liwiro. Ngakhale opikisana sagwiritsa imodzi: mwamuna wa slalom, mpikisano wokhotakhota, amavala ya masentimita 165, pamene wa mpikisano wa liwiro lalikulu saloledwa yochepera 218.

Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti kunena zoona kwayamba kupindula. Wodzikweza n'kutenga ski youma ya katswiri amatha tsiku akulimbana nayo, ndipo yonenepa pamalo oundana imaliza mawondo. Wochokera ku Johannesburg kupita kukatsetsereka ku Afriski ku Lesotho, kumene chipale chambiri n'chopangidwa ndi makina ndipo chimalimba, yopyapyala m'chiuno imamukwanira ndithu.

Muonereni tsono wophunzira walero, maski ofika pachibwano ali kumapazi. M'mawa akutsika nsonga zitayandikana, mawondo akunjenjemera. Pakangopita masiku ochepa wayamba kupendekera kumanzere, ski n'kumvera, kumanja, n'kumveranso, kumbuyo kwake kutatsala timizere tiwiri tokhotakhota, iye akukuwa ndi chimwemwe mpaka kumunsi, kenaka n'kuthamangira pamzere kuti akwerenso.