Magazi a mayi akamalimbana ndi a mwana wosabadwa

Mayi wa ku Mbulumbuzi akabereka bwino mwana woyamba, kenako nkumataya ana otsatira, pamudzi amaganizira ufiti kapena tsempho. Koma nthawi zina gwero lake ndi kusiyana kwa gulu la magazi.

Kupatula magulu a A, B, AB ndi O, magazi amakhala Rhesus positive kapena Rhesus negative, chizindikiro chomwe Karl Landsteiner ndi Alexander Wiener adachifotokoza mu 1940. Vuto limadza mayi akakhala negative pomwe mwana watengera positive kwa bambo. Pobereka kapena popita padera, timagazi ta mwana timalowa mwa mayi, ndipo thupi lake limapanga asilikali olimbana nato. Mwana woyamba nthawi zambiri amapulumuka. Pa mimba yotsatira, asilikaliwo amadutsa pa nsengwa nkumaphwanya magazi a mwana. Mwanayo amachepa magazi, amatupa, mtima umalefuka, ndipo akhoza kufera m'mimba. Akabadwa wamoyo amagwidwa chikasu tsiku loyamba lomwelo, chomwe chikakula chimaononga ubongo.

Mu 1963, dokotala William Liley wa ku Auckland, New Zealand, adayamba kuthira magazi mwana ali m'mimba. Lero madokotala amalowetsa singano mu mtsempha wa mchombo akuyang'ana pa makina ounikira. Njirayi imapulumutsa ana, koma nsupa ikhoza kusweka msanga, matenda kulowa m'chiberekero, kapena mtima wa mwana kuima. Imafunanso akatswiri ndi magazi a O negative, omwe ndi osowa chifukwa anthu a Rhesus negative ndi ochepa kuno ku Africa.

Choncho kwa mayi wa ku Mbulumbuzi, chitetezo chenicheni chili pa mimba yoyamba. Jakisoni wa anti-D, yemwe adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1968, amaletsa thupi kupanga asilikaliwo akabayidwa pasanathe maola 72 mayi atabereka kapena kupita padera. Asilikali akapangidwa kale, jakisoniyo sathandizanso.

Gulu la magazi liyezedwe mayi akangoyamba sikelo, ndipo lilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Azamba akapeza mayi wa negative, amutumize msanga ku chipatala cha boma cha Chiradzulu. Yemwe adatayapo mwana afunika kuonedwa ndi akatswiri ku Queen Elizabeth mu Blantyre mimba ikadali yaing'ono. Khanda likaoneka lachikasu pa tsiku lobadwa, lisadikire mawa.