APHUNZITSI A CITHANDIZO COYAMBA

Akulu anati, tsoka silinunkha. Mwana amene anapita kukasamba ku Luangwa ali kuseka akhoza kubvuulidwa m'madzi ali lefu, wosapuma. Mlimi akhoza kukanthidwa ndi mphenzi m'munda mwace, ndipo wanchito wa m'migodi ya ku Kitwe akhoza kugwidwa ndi magetsi. Pa nthawi yotere dotolo palibe, ndipo cipatala ciri kutali. Cimene munthu wa pafupi acitira wobvulalayo asanafike ku cipatala cichedwa cithandizo coyamba.

Nchito imeneyi ifuna cangu. Mtima ukaleka kugunda mwazi suyendanso m'thupi, ndipo pakapita mphindi 4 kufikira 6 ubongo uyamba kuonongeka. Nthawi imeneyi siikwana ngakhale kuphika nsima. Cifukwa cace nkofunika kuti m'mudzi uli wonse ndi pa sukulu iri yonse mukhale anthu odziwa cocita, ndipo anthu amenewo sangadziwe popanda wowaphunzitsa.

Mabungwe awiri ali ndi mbiri pa nchito yophunzitsayi. Bungwe la Red Cross linayambika ku Geneva m'caka ca 1863, cifukwa ca cisoni ca Henry Dunant, amene anaona asilikali obvulala ali kufa opanda wowasamala pa nkhondo ya ku Solferino mu 1859. Bungwe la St John Ambulance linayamba ku England mu 1877, ndipo linaphunzitsa anchito ambiri a pa njanji ndi a m'migodi. Ku Zambia bungwe la Red Cross linakhazikitsidwa ndi lamulo la boma mu 1966.

Kale aphunzitsi anali kuuza anthu kuti munthu wosapuma amgoneke cafufumimba, amkanikize pamsana ndi kumkweza mikono. Koma ca m'ma 1957 madotolo awiri a ku America, Peter Safar ndi James Elam, anaonetsa kuti kuuzira mpweya m'kamwa mwa munthuyo kuposa njira yakaleyo kutali. Ndipo mu 1960 akatswiri a pa cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore analengeza kuti pokanikiza cifuwa ndi manja mwazi uyendanso, ngakhale mtima utaima. Njira ziwirizi anaziphatikiza, ndipo ndizo ziphunzitsidwa kufikira lero.

Koma panali bvuto. Nkosaloleka kuyesera pa munthu wamoyo, pakuti kukanikiza kwace nkwamphamvu, kotero kuti kukhoza kuthyola nthiti. Nanga ophunzira akadayesera pa yani? Amene anathandiza ndiye Asmund Laerdal, wopanga zidole za ana mu mzinda wa Stavanger ku Norway. Mu 1960 iye anapanga cidole ca msinkhu wa munthu, dzina lace Resusci Anne. Cidole cotere cifuwa cace cilowa pocikanikiza, ndipo cikwera pouziramo mpweya. Lero mphunzitsi wa nchitoyi sayenda wopanda cidole cace, monga mlimi sapita kumunda wopanda khasu.

Munthu asanakhale mphunzitsi ayamba wakhoza yekha mayeso a cithandizo coyamba. Pambuyo pace alowa maphunziro ena, a kaphunzitsidwe, ndipo akulu a nchitoyo amuyesa ali kuphunzitsa anthu pamaso pao. Mndandanda wa zocita ayenera kuudziwa monga adziwa dzina lace.

Mndandandawo uli wotere. Wothandiza ayamba wapenya ngati pali coopsa. Ngati pali magetsi ayamba wawazimitsa. Ngati munthu ali kumira amponyera cingwe kapena nsungwi, osati kudziponya m'madzi ozama. Atatero amgwedeza paphewa ndi kumuitana. Akapanda kuyankha, wothandiza atuma munthu mmodzi, momchula dzina, kuti akaitane a cipatala. Tsono apendeketsa mutu wa wodwalayo cambuyo, nakweza cibwano cace, napenya ndi kumvetsera masekondi osapitirira 10. Ngati ali kupuma bwino amgoneka cammbali, kuti lilime kapena masanzi zingatseke kummero.

Ngati sapuma, amgoneka cagada pamalo pouma gwa. Aika tsinde la cikhatho pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba pace, naongola mikono. Akanikiza cifuwa kuti cilowe masentimita 5 kapena 6, ndipo liwiro lace likhale ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi imodzi. Atakanikiza ka 30 atsina mphuno za wodwalayo namuuzira m'kamwa kawiri, napenya ngati cifuwa cikwera. Abwereza comweco kosalekeza kufikira munthuyo atayamba kupuma, kapena a cipatala atafika. Kwa womira m'madzi kuuzira ndiko kuyamba, pakuti cimene iye asowa ndi mpweya. Kwa mwana wamng'ono mphamvu icepetsedwa monga mwa msinkhu wace.

Mau onsewa mwana wa sukulu akhoza kuwaloweza tsiku limodzi. Koma kuloweza si kudziwa. Pa ngozi mutu ubalalika ndi mantha, ndipo cimene citsala ndi cokhaco cimene manja anazolowera. Cotero mphunzitsi wabwino acepetsa zolankhula, nacurukitsa zoyesera. Ambiri atsata masitepe anai. Poyamba acita yekha, mwa liwiro lace lenileni, osanena kanthu. Kaciwiri acita pang'ono pang'ono ali kufotokoza. Kacitatu ophunzira ndiwo amuuza cocita, iye nacita. Kacinai wophunzira ali yense agwada pa cidole nacita yekha.

Pamenepo maso a mphunzitsi ayenera kukhala akuthwa. Wina apinda zigongono, ndipo atopa msanga. Wina akanikiza mwaulemu ngati asisita khanda, ndipo mwazi sungayende. Wina atsamira pa cifuwa osacilola kubwerera, ndipo mtima sudzalanso mwazi. Winanso aiwala kukweza cibwano, ndipo mpweya sufika m'mapapo. Mphunzitsi sawaseka kapena kuwakalipira, pakuti munthu wocititsidwa manyazi pophunzira adzaopa kuyandikira pa tsiku la ngozi. Agwada pambali pace, nakonza manja ace, namuuza kuti ayambenso. Ayeretsanso pakamwa pa cidole wophunzira wina asanauzirepo, kuti angapatsirane matenda.

Nchito ina yobvuta ndiyo kuzula zizolowezi zakale. Ena akhulupirira kuti womira ayenera kumzondotsa kuti madzi aturuke, koma kutero kungotaya nthawi. Ena apaka mafuta kapena dzira pa bala la moto, pamene cofunika ndi kuthirapo madzi ozizira mphindi 20. Ena atema ndi kuyamwa polumidwa ndi njoka, m'malo mothamangira naye ku cipatala. Mphunzitsi afotokoza zimenezi mofatsa, makamaka pamene ophunzira ace ali akulu a msinkhu wa atate wace.

Mphunzitsi sabisa coonadi. Auza ophunzira kuti si onse othandizidwa amene atsitsimuka, ndi kuti woyesa ndi mtima wonse alibe mlandu ngakhale munthu atamwalira. Awauzanso kuti manja aiwala pakapita miyezi yowerengeka, cotero ayenera kubweranso kudzayesera. Iye mwini nayenso abwerera ku maphunziro nthawi ndi nthawi, pakuti monga njira yokanikiza pamsana inalekeka, zinanso zikhoza kusinthika.

Kawiri kawiri mphunzitsi saona nkhope ya munthu amene wophunzira wace anampulumutsa. Koma adziwa kuti ali yense woturuka m'kalasi mwace ali ndi mphatso yopatsa abale ace ndi alendo omwe. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji munthu wosapuma ayenera kuthandizidwa msanga?
2. Kodi Asmund Laerdal anathandiza bwanji aphunzitsi a cithandizo coyamba?
3. Chulani masitepe anai amene mphunzitsi atsata.
4. Nciani cimene mphunzitsi ayang'ana pamene wophunzira ali kukanikiza cifuwa?