Mmene Ubongo Umaphunzirira Chizolowezi: Agalu a Pavlov ndi Bonanza za ku Misisi

Munthu sabadwa ndi chizolowezi. Ubongo umachita kuchiphunzira, ndipo akatswiri a zamaganizo anapeza njira ziwiri zikuluzikulu zimene umaphunzirira. Zonse ziwiri zimaonekera poyera m'makomboni a mu Lusaka monga Misisi, Chawama ndi Kanyama, pa makina a juga otchedwa bonanza amene amaikidwa m'mabala ndi m'tuntemba.

Njira yoyamba, yotchedwa classical conditioning, anaifotokoza ndi Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa chofufuza kagayidwe ka chakudya m'mimba. Iye anaona kuti agalu ake ankayamba kukha dovu akangomva mapazi a wowadyetsa, chakudya asanachione n'komwe. Atayamba kuliza kachipangizo nthawi iliyonse asanawapatse nyama, posakhalitsa kulira kokhako kunkawakhetsa dovu. Galu sankachita kusankha; thupi lokha linali litalumikiza chizindikiro ndi chimene chimabwera pambuyo pake. N'chimodzimodzi ndi mwana amene anabayidwapo jakisoni: amayamba kulira akangoona yunifomu ya nesi. Kwa woseweretsa bonanza, chizindikirocho ndi kanyimbo ka makinawo, timagetsi tothwanima ndi phokoso la makobidi akamakhuthuka. Akangozimva akudutsa, mtima umayamba kugunda asanapise dzanja m'thumba.

Njira yachiwiri, operant conditioning, imakhudza zimene munthu amachita yekha. Mu 1898, Edward Thorndike wa ku America anatsekera amphaka m'mabokosi n'kupeza kuti chochita chimene chabweretsa zabwino chimabwerezedwa, pomwe chopanda phindu chimasiyidwa. B. F. Skinner anapitiriza ntchitoyi ndi makoswe ndi nkhunda zimene zinkalandira chakudya zikadina kachitsulo kapena kujompha batani.

Chofunika kwambiri pa nkhani ya juga chili m'buku limene Skinner analemba ndi Charles Ferster mu 1957. Nkhunda imene inkalandira chakudya nthawi iliyonse ikajompha, inkaleka msanga chakudyacho chikasiya kutuluka. Koma imene inkalandira mwa apo ndi apo, osadziwa nthawi imene kujompha kwake kungabweretse chakudya, inkalimbikira nthawi yaitali ngakhale m'bokosimo mutauma. Makina a juga amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Mnyamata woyendetsa wilibala ku Soweto Market akaponya kobidi kakhumi n'kudyedwa, kenako n'kupata kamodzi, ubongo wake umasunga kamodziko. Kuluza sikumuuza kuti aleke, chifukwa anaphunzira kale kuti kupata kumabwera pambuyo pa kuluza kangapo. Kuphonya pang'ono, chithunzi chopambanitsa chikaima pafupi penipeni, kumamukoka ngati wapata. Kafukufuku wa Wolfram Schultz pa anyani anaonetsa kuti maselo a muubongo otulutsa mankhwala otchedwa dopamine amagwira ntchito mwamphamvu mphoto ikabwera mosayembekezereka. Masewera obetcha a pafoni amayendera msampha womwewu, ndipo amaposa bonanza kuopsa kwake poti amagona ndi mwini wake pamphasa.

Palinso mphoto ina yosaoneka: kupumula ku nkhawa. Ku Misisi, kumene ganyu ndi wosowa ndipo madzi amalowa m'nyumba dzinja likafika, mphindi zochepa zoiwala lendi ndi ngongole zimakhala mphoto pazokha. Mowa ndi fodya zimagwiranso anthu mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake kunena wotchova juga kuti ndi chitsiru kapena kuti analodzedwa sikuthandiza, ndipo kumachedwetsa chithandizo. Bungwe la World Health Organization linaika vuto la juga m'gulu la matenda a maganizo.

Nanga chilango? Kafukufuku anaonetsa kuti chimangopondereza khalidwe kwa kanthawi, osaphunzitsa lina lolowa m'malo mwake. Mwana wokwapulidwa chifukwa choponya ndalama ya malasha mu bonanza amaphunzira kubisa ndi kuopa womukwapulayo. Lamulo la ana la Zambia la mu 2022, Children's Code Act, linaletsa kulanga ana powamenya. Kuyamikira mwana nthawi yomweyo akabweza chenji yonse kumaphunzitsa kwambiri kuposa mkwapulo.

Zimene ubongo unaphunzira zikhoza kufooka. Pavlov ataliza kachipangizo kambirimbiri osapereka nyama, dovu linaleka. Koma patapita nthawi, galuyo atamvanso kulirako, dovu linabwereranso pang'ono, kusonyeza kuti phunziro lakale limangophimbidwa, silifafanizika. Ndiye chifukwa chake munthu amene anasiya juga kwa miyezi akhoza kugwanso tsiku lolandira ndalama akadutsa pa bala yake yakale, ndipo achibale asamaone ngati zonse zapita m'madzi. Aphungu amalangiza kusintha njira yobwerera kunyumba, kuchotsa mapulogalamu obetchera pafoni, kusungitsa ndalama kwa mbale wodalirika kapena m'chilimba, ndi kupeza chochita china pa nthawi imene chilakolako chimabwera. Mu Lusaka, amene vutoli lawakulira angayambire pa kiliniki ya m'dera lawo, kumene angatumizidwe ku Chainama Hills Hospital, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko la Zambia.